Mudzi wa Nicodemus ku Kansas: malo ake, sukulu yake, ndi chimene chinaubweza m'mbuyo

Mayi Nachisale:
Ndikupempha kuti sabata ino tikambirane za mudzi wa Nicodemus, womwe uli kumpoto chakumadzulo kwa chigawo cha Kansas m'dziko la United States. Kalembera wa mu 2020 anapezamo anthu 14 okha, ndipo mudziwu ulibe meya, ulibe khonsolo yawoyawo, ulibenso malire okhazikitsidwa ndi lamulo monga mmene matauni amakhalira. Ngakhale zili choncho, mu November 1996 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza kuti nyumba zisanu za m'mudzimo zizisamalidwa ngati chuma cha mbiri ya dziko lonse, chifukwa Nicodemus ndiwo mudzi wokhawo umene watsala kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi mwa midzi imene anthu akuda omasulidwa ku ukapolo anamanga m'zaka zotsatira nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Funso langa lili pawiri. Choyamba, kodi malo opanda khonsolo amayendetsedwa bwanji, ndipo ana akumeneko amaphunzira kuti? Chachiwiri, chimene ndikufuna kwambiri kuti titsutsanepo, n'chakuti kodi n'chiyani chinachititsa kuti mudzi umene unali ndi masitolo, mahotela, nyuzipepala ziwiri ndi banki utsale ndi anthu owerengeka pa zala?

A Gondwe:
Mayi Nachisale, ndiyambe ndi mbali yoyambayo chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Ku United States, anthu okhala pamalo amodzi akhoza kupempha chigawo chawo kuti chiwazindikire ngati mzinda kapena tauni, ndipo akavomerezedwa amasankha atsogoleri awo, amatolera misonkho ina paokha, amakhazikitsa malamulo a m'deralo, n'kumadzisamalira pa nkhani za misewu ya m'kati, madzi ndi chitetezo. Malo amene sanachite zimenezi sakhala opanda boma ayi, koma ntchito zonsezo zimagwera boma la county limene malowo alimo. Nicodemus ali mu Graham County, chakum'mawa kwenikweni pafupi ndi malire a Rooks County, ndipo likulu la county imeneyi ndi Hill City, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kulowera kumadzulo mumsewu waukulu wa U.S. Route 24. Choncho wapolisi amene angabwere munthu akaitana ndi wa ofesi ya sheriff ya ku Hill City, ndipo zikalata za malo ndi za misonkho zimasungidwa komweko.

Pansi pa county palinso gawo laling'ono lotchedwa township, ndipo la kumeneku limatchedwa Nicodemus Township. Gawo limeneli lili ndi komiti yaing'ono yosankhidwa ndi anthu, koma mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi za khonsolo ya mzinda. Anthu 14 amene mwatchulawo anawerengedwa m'malire amene ofesi ya kalembera inadzilembera yokha pofuna kuti malowo akhale ndi chiwerengero chawochawo. Malire amenewo sapereka ulamuliro kwa munthu aliyense.

Chikondi:
Zikomo bambo Gondwe, apa ndamva. Koma ndikayang'ana pa mapu ndikuona kuti misewu ya m'dera lonselo ndi yowongoka ndipo imadulana molinganiza, pamene mtsinje wokha ndiwo ukukhotakhota. Kodi zimenezi zinayamba bwanji, ndipo kodi dera limenelo ndi lachonde mokwanira kuti munthu achoke kutali kudzakhalako?

A Mbewe:
Funso lachiwirilo ndilo mutu wa nkhani yonse, Chikondi, ndipo ndidzabwereranso pa ilo tikafika pa mtsutso wa mayi Nachisale. Misewu yowongokayo inachokera ku njira imene boma lalikulu linkayezera malo: linkadula dziko m'mabwalo a mamailosi 6 mbali iliyonse, bwalo lililonse n'kuligawa m'zigawo 36 za maekala 640, ndipo chigawo chilichonse chikagawidwa panayi chinkapereka maekala 160, omwe ndi mahekitala pafupifupi 65. Lamulo la mu 1862 lotchedwa Homestead Act linkalola munthu kutenga maekala 160 amenewa polipira ndalama yochepa yolembetsera, malinga akhalepo, amangepo nyumba ndi kulimapo kwa zaka zisanu. Anthu a ku Nicodemus ankakalembetsa malo awo ku ofesi ya boma imene inali ku Kirwin.

Tsono malowo ali chonchi. Ndi chigwa chokwera, chopanda mapiri, cha udzu waufupi, ndipo mitengo imapezeka m'mbali mwa madzi mokha. Mudziwu uli chakumpoto kwa mtsinje wa South Fork Solomon, umene umayenda kulowera kum'mawa ndipo si waukulu. Chofunika kuchidziwa n'chakuti Graham County ili pafupi kwambiri ndi mzere wa pa mapu wa madigiri 100 kumadzulo, umene akatswiri akhala akuutenga ngati malire pakati pa dera la mvula yokwanira kum'mawa ndi dera louma kumadzulo. Mvula ya pachaka kumeneko imakhala pakati pa mamilimita 500 ndi 600 zinthu zikayenda bwino, koma imasinthasintha kwambiri, moti zaka zabwino zingapo zimatsatiridwa ndi chilala. M'nyengo yachisanu kumagwa chipale chofewa ndi mphepo yolasa m'mafupa, m'nyengo yotentha kumawomba mphepo youma imene imafotetsa chimanga chisanakhwime. Mu 1878, chaka chimodzi chokha mudziwu utayamba, katswiri wofufuza malo John Wesley Powell anapereka lipoti ku boma lochenjeza kuti maekala 160 sangadyetse banja m'madera ouma a kumadzulo popanda ulimi wothirira. Chenjezo lakelo silinasinthe lamulo.

Mayi Nangozo:
A Mbewe afotokoza bwino za nthaka, koma tisaiwale kumene anthuwo ankachokera, chifukwa munthu wothawa moto safunsa ngati kumene akupitako kuli mthunzi. Ambiri mwa oyamba kufika anachokera m'chigawo cha Kentucky, m'madera a Lexington ndi Georgetown. Kentucky sinadzipatule ku boma lalikulu pa nthawi ya nkhondo, choncho chilengezo cha pulezidenti Abraham Lincoln cha mu 1863 chomasula akapolo sichinagwire ntchito kumeneko, ndipo ukapolo unatha mwalamulo mu December 1865 pamene malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa. Ufulu unabwera wopanda munda. Anthu ambiri anapitiriza kulima minda ya eni omwewo pogawana zokolola, ali m'ngongole zosatha, ndipo mu 1877 boma lalikulu litasiya kuteteza anthu akuda m'zigawo za kum'mwera, chiyembekezo chakuti zinthu zisintha chinazilala. Kansas inali ndi mbiri yabwino pakati pawo chifukwa inalowa m'chitaganya mu 1861 ngati chigawo chokana ukapolo, ndipo dzina la John Brown, amene analimbana ndi ukapolo m'chigawocho, linkadziwika.

Mu April 1877 kunakhazikitsidwa kampani yomanga mudziwu. Mtsogoleri wake anali m'busa wachikuda W. H. Smith, ndipo mzungu wochita malonda a malo, W. R. Hill, yemwenso anayambitsa Hill City, ndiye ankasunga chuma ndi kulondolera anthu ku malowo. M'busa Simon P. Roundtree anali mlembi ndipo ndiye anayamba kukhalako. Iwo anayenda m'matchalitchi a ku Kentucky akugawa timapepala toyamikira dzikolo mopyola muyezo. Kagulu koyamba kanafika pakati pa chaka cha 1877, gulu lalikulu la anthu pafupifupi 300 linatsatira mu September, ndipo ena anabwera kumayambiriro kwa 1878. Sitima inkawatula ku Ellis, ndipo kuchokera pamenepo ankayenda mtunda wopitirira makilomita 50 wapansi kapena pa ngolo. Ena atangoona malowo anabwerera.

Chikondi:
Mayi Nangozo, ngati kunalibe mitengo ndipo gulu lalikululo linafika mu September, nthawi yodzala itapita ndipo chisanu chili pafupi, anthuwo anagona kuti ndipo anadya chiyani?

Mayi Nangozo:
Anagona pansi pa nthaka, mwana wanga. Munthu ankapeza malo otsetsereka, n'kukumba chipinda m'mbali mwa kamtunda, kutsogolo n'kumanga khoma la zidutswa za nthaka yolukana ndi mizu ya udzu, zimene ankazidula ndi khasu kapena pulawo n'kuziunjika udzu utayang'ana pansi. Pamwamba ankayalapo timitengo ta m'mbali mwa mtsinje, kenako udzu, kenako nthaka, ndipo kachitoliro ka utsi kankatulukira padenga pomwepo. M'nyumba yotero mumafunda nthawi yachisanu, koma mvula ikagwa denga limadontha matope kwa masiku, ndipo utitiri, mbewa ndi njoka zimakhala nawo limodzi. Nkhuni kunalibe, choncho ankasonkha moto ndi mapesi a mpendadzuwa ndi ndowe youma. Willianna Hickman, mkazi wa m'busa Daniel Hickman, amene anafika mu 1878 akudwala, anadzafotokoza atakalamba kuti anamva amuna akufuula kuti afika, koma atadzuka kuyang'ana sanaone mudzi uliwonse, mpaka mwamuna wake anamulozera utsi umene unkatuluka m'nthaka. Iye anayamba kulira.

Pa nkhani ya chakudya, chisanu choyambacho chinali cha njala. Amuna ena anapita kukagwira ganyu ku njanji ndi m'minda ya kutali, ena ankatola mafupa a njati zimene alenje anali atazipulula n'kukagulitsa kwa opanga feteleza, ndipo atsogoleri anatumiza anthu kukapempha thandizo m'matauni a kum'mawa. Mbadwa za m'mudzimo zimasimbanso kuti anthu a mtundu wa Osage, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, pobwerera kokasaka, anawagawirako nyama. Mafupa a njatiwo akutikumbutsa kuti malo amene boma linkagawa ngati opanda mwini anali malo osakirako mitundu ina ya anthu, amene anali atangochotsedwa kumene.

A Mbewe:
Ndiwonjezere mfundo imodzi kuti tisasokoneze zinthu ziwiri zimene nthawi zambiri zimaphatikizidwa. Mu 1879 kunachitika msamuko waukulu wa anthu akuda zikwizikwi ochokera ku Mississippi, Louisiana ndi Texas, amene anathamangira ku Kansas ali chimanjamanja. Nicodemus anayamba msamukowo usanachitike, ndipo anthu ake anabwera mwadongosolo, m'magulu a mipingo, atalipira ndalama yolowera m'kampani. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa kukufotokoza chifukwa chimene mudziwu unakhalira ndi mipingo yokhazikika ndi sukulu mofulumira chotere: anthuwo anali odziwana kale, ndipo anabwera ndi abusa awo.

Mayi Nachisale:
Mwandifikitsa pa sukulu, a Mbewe, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Maphunziro anayamba nyumba zenizeni zisanamangidwe. Jenny Fletcher, mkazi wa Zachariah T. Fletcher amene anali woyang'anira positi ofesi woyamba, ankaphunzitsa ana m'nyumba yokumba pansi ija. Mu 1879 anthuwo anakhazikitsa dera lawo la sukulu mwalamulo, ndipo popeza linali loyamba mu Graham County yonse, linapatsidwa nambala 1. Taganizirani zimenezi: makolo ambiri anakulira mu ukapolo osapatsidwa mwayi wodziwa kuwerenga, koma iwo ndi amene anatsogolera anansi awo achizungu pokhazikitsa sukulu m'deralo. Mu 1887 anamanga nyumba yabwino ya sukulu, imene inadzapsa ndi moto, ndipo nyumba yamatabwa imene ilipo lero inamangidwa mu 1918.

Dera la sukulu linali boma palokha, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti yankho la a Gondwe likufunika kuwonjezeredwa. Anthu amene analibe meya kapena khonsolo anali ndi komiti ya sukulu yosankhidwa ndi iwo eni, imene inkakhazikitsa msonkho wa pa malo, kulemba mphunzitsi ntchito ndi kugula malasha a m'mbaula. Kuwonjezera apo, pamene Kansas inkalandiridwa ngati chigawo, boma lalikulu linapatula chigawo cha nambala 16 ndi cha nambala 36 m'bwalo lililonse la malo kuti ndalama zochokera pamenepo zithandize sukulu. M'sukulu za kumidzi za nthawi imeneyo mphunzitsi mmodzi kapena awiri ankasamalira ana a makalasi asanu ndi atatu. Ankaitana kalasi imodzi kutsogolo kuti iyankhe mafunso kwa mphindi zochepa pamene ena akulemba pa masileti, ana aakulu ankathandiza aang'ono, ndipo anyamata ankajomba nthawi yokolola tirigu ndi chimanga. Nyumba yomweyo inkakhalanso malo a misonkhano ndi mipikisano ya mtsutso madzulo.

Ana atachepa m'zaka zotsatira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, sukuluyo inatsekedwa ndipo otsalawo anayamba kupita ku tauni yapafupi ya Bogue. Lamulo la Kansas la mu 1963 linaphatikiza timadera ta sukulu tambirimbiri kukhala madera aakulu mazana ochepa, ndipo lero mwana wa ku Nicodemus amakwera basi kupita ku Hill City, m'dera la sukulu la USD 281. Ine ndimaona kuti tsiku limene komiti ya sukulu inatha ndilo tsiku limene mudziwu unataya ulamuliro weniweni umene unali nawo.

A Phiri:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndili ndi funso kwa mayi Nachisale. Mlandu wotchuka wa Brown v. Board of Education, umene khoti lalikulu linagamula mu 1954 kuti kulekanitsa ana m'sukulu chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo a dziko, unayambira ku Topeka, likulu la Kansas yomweyo. Kodi ndiye kuti sukulu ya ku Nicodemus inali imodzi mwa sukulu zimene boma linapatulira ana akuda okha, ndipo kodi kutsekedwa kwake kunabwera chifukwa cha chigamulo chimenecho?

Mayi Nachisale:
Ayi, a Phiri, nkhani ziwirizi n'zosiyana. Lamulo la Kansas la mu 1879 linkalola kulekanitsa ana m'sukulu za pulayimale m'mizinda ya anthu opitirira 15,000 yokha, ndipo Topeka inali m'gulu limenelo. Madera a kumidzi ngati Graham County analibe chilolezo chotero. Sukulu ya nambala 1 inali ya ana onse okhala m'dera lake, ndipo ana akuda ankachuluka chifukwa ndiwo anali eni mudzi. Sindikunena kuti tsankho kunalibe m'matauni oyandikana nawo, chifukwa linalipo, koma chimene chinatseka sukuluyi ndi kuchepa kwa ana, monga mmene sukulu za chipinda chimodzi zinkatsekedwera m'chigawo chonsecho, za azungu zomwe.

A Gondwe:
Tsopano ndiyankhe funso lachiwiri lija, ndipo ndinena mosapita m'mbali kuti chimene chinapha Nicodemus ngati tauni ndi njanji. Pakati pa zaka za m'ma 1880 mvula inagwa bwino, anthu anachoka m'nyumba zokumba n'kumanga za miyala yoyera ya laimu imene imapezeka m'deralo, yomwe imadulika mosavuta ikangofukulidwa n'kuuma ikakhala pa mphepo. Hotela ya St. Francis inamangidwa mu 1881. Amalonda achizungu anabwera kudzatsegula masitolo pambali pa a anthu akuda, ndipo nyuzipepala za Western Cyclone ndi Nicodemus Enterprise zinkalemba molimba mtima kuti sitima ili pafupi kufika. Mu 1887 anthu a mu township anavota kuti atenge ngongole ya madola 16,000 yokopera kampani ya Missouri Pacific, koma njanji ya kampaniyo inathera ku Stockton, kum'mawa. Mu 1888 kampani ya Union Pacific inadutsitsa njanji yake kutsidya la kum'mwera kwa mtsinje, ndipo pamalo pamene panali msasa wa ogwira ntchito panaphuka tauni ya Bogue, makilomita osakwana 10 kuchokera ku Nicodemus.

Zotsatira zake zinaoneka m'miyezi yochepa. Amalonda anasamuka, ena anaphwasula nyumba zawo n'kuzikokera kutsidya, banki inatseka, nyuzipepala zinaleka kutuluka. M'nthawi imeneyo mlimi sakanagulitsa tirigu pamalo opanda siteshoni, ndipo kumene wagulitsa tirigu ndi kumene amagulanso nsalu, misomali ndi mchere. Bogue inadzakhala mzinda wovomerezeka wokhala ndi khonsolo yake, pamene Nicodemus anatsala monga tikumuonera. Kusowa khonsolo si chimene chinabweza mudziwu m'mbuyo. Ndi chizindikiro chabe cha zimene zinachitika mu 1888.

A Mbewe:
A Gondwe, pa zimene zinachitika sindikutsutsani, koma pa kulemera kwake ndikusiyana nanu. Njanji inasamutsa masitolo, koma sinasamutse alimi. Mabanja ambiri anali ndi minda yawo kunja kwa mudzi, ndipo anakhalabe pamenepo zaka makumi angapo 1888 itadutsa, ena n'kuwonjezera malo kufika maekala mazanamazana. Tchalitchi cha First Baptist chinamalizidwa mu 1907, sukulu inamangidwanso mu 1918. Anthu amene mudzi wawo wafa samanga zinthu zotere. Chimene chinachotsa anthu ndi chimene Powell ananena chija. M'zaka za m'ma 1930 chilala chinakhalitsa, mphepo inanyamula nthaka yapamwamba ya m'minda yolimidwa n'kuchititsa mdima masana, mitengo ya tirigu inagwa, ndipo amene analephera kulipira msonkho kapena ngongole analandidwa minda. Kenako kunabwera mathirakitala ndi makina okololera, moti banja limodzi linayamba kulima malo amene kale ankadyetsa mabanja khumi. Achinyamata anapita ku Denver, ku Topeka, ku Kansas City ndi ku California.

Umboni wanga waukulu ndi Bogue yomweyo imene mwaitchulayo. Inapeza njanji, inapeza khonsolo, koma lero ili ndi anthu osakwana 200. Graham County yonse inali ndi anthu opitirira 8,000 mu 1910, koma mu 2020 anapezeka pafupifupi 2,400. Sitima ikanadutsa pa Nicodemus, mwina lero bwenzi tikukamba za anthu 150 m'malo mwa 14, koma njira yake ikanakhala yomweyo yotsika.

Mayi Nangozo:
Nonse awiri mukulankhula ngati kuti chilala ndi makina zinagwera aliyense mofanana, koma sizinali choncho. Mlimi akakumana ndi chaka choipa, chimene chimamupulumutsa ndi ngongole yopezeka pa nthawi yake, ndipo alimi akuda m'dziko lonselo ankavutika kuipeza, ku mabanki ngakhalenso ku maofesi a boma a zaulimi. Izi si zongoganizira: mu 1999 unduna wa zaulimi wa dzikolo unagwirizana zolipira alimi akuda pa mlandu wa Pigford v. Glickman, umene unali wokhudza tsankho pa kaperekedwe ka ngongole. Palinso vuto la minda imene mwini wake anamwalira osasiya wilo, n'kukhala ya adzukulu ambiri obalalika m'mizinda, moti kuigwiritsa ntchito ngati chikole kumavuta ndipo kuigulitsa kumaphweka. Choncho pamene minda inkaphatikizidwa kukhala yaikulu, kawirikawiri wogula anali mnansi amene banki inkamukhulupirira. Nyengo inachepetsa anthu m'dera lonse, inde, koma funso lakuti munda watsala m'manja mwa yani silinayankhidwe ndi mvula.

A Gondwe:
Mfundo ya Bogue ndi yamphamvu, a Mbewe, ndipo ya mayi Nangozo ndiyovuta kuikana. Komabe ndikuumirira pa chinthu chimodzi. Kusiyana kwa anthu 150 ndi anthu 14 si kwakung'ono monga mukukuchepetsera, chifukwa pa anthu 150 pamatsala positi ofesi, malo ogulitsira mbewu ndi wina woti n'kusankhidwa kukhala meya, pamene Nicodemus anataya ngakhale positi ofesi yake mu 1953. Ndiponso tauni yokhala ndi siteshoni ikanapatsa ana a alimi aja ntchito zina pafupi ndi kwawo pa nthawi imene minda inkawakanika, m'malo moti aliyense wosiya khasu akwere ulendo wa ku Denver.

Chikondi:
Ndikuthokoza nonse, makolo anga. Chimene chikundidabwitsabe n'chakuti midzi ina ya mtundu umenewu inatheratu, osatsala ngakhale khoma, koma uwu ulipo. Ngati sukulu inatsekedwa, positi ofesi inatsekedwa, khonsolo kulibe, n'chiyani chimene chikuugwira?

Mayi Nangozo:
Choyamba ndi mpingo, umene sunasiye kusonkhana. Chachiwiri ndi mwambo wa chaka ndi chaka wokumbukira kumasulidwa ku ukapolo, umene unayamba mu 1878. Poyamba unkachitika pa 1 August, tsiku limene ukapolo unathetsedwa m'zilumba za West Indies zolamulidwa ndi Britain mu 1834, ndipo anthu akuda a ku America ankalikondwerera kale ufulu wawo usanafike. Masiku ano umachitika kumapeto kwa sabata yomaliza ya July, ndipo mbadwa za mabanja oyamba aja zimabwera mazanamazana kuchokera m'zigawo zosiyanasiyana. Pamakhala perete mumsewu, chakudya, magule, mapemphero a Lamlungu, ndiponso kukaona manda a makolo. Kwa masiku atatu amenewo mudzi umadzaza, ana obadwira m'mizinda amauzidwa kuti uyu ndi msuweni wako, munda uwo unali wa agogo a agogo ako. Ena mwa anthu amenewa akadali ndi malo kumeneko ndipo amalipira msonkho wake ku Hill City ngakhale sakhalako, ena amabwerera akapuma pa ntchito, ndipo ambiri amafuna kudzaikidwa m'manda komweko. Kalembera amawerenga amene amagona pamalopo, ndiye chiwerengero cha 14 chija sichikuwaona anthu onsewa.

A Phiri:
Pamene tikukamba za anthu amene anachoka, tisamusiye Edward P. McCabe, chifukwa nkhani yake ikukhudza mtsutso wa a Gondwe ndi a Mbewe kuchokera kumbali ina. Iye anafika ku Nicodemus mu 1878 ali munthu wophunzira kale, anagwira ntchito yothandiza anthu kulembetsa malo, anakhala mlembi wa Graham County itangokhazikitsidwa mu 1880, ndipo mu 1882 anasankhidwa kukhala woyang'anira kaundula wa chuma cha chigawo chonse cha Kansas, udindo umene anaupambananso mu 1884. Unali umodzi mwa maudindo apamwamba kwambiri amene munthu wakuda anali nawo kunja kwa zigawo za kum'mwera pa nthawiyo. Pambuyo pake anasamukira ku Oklahoma, kumene anathandiza kuyambitsa tauni ya Langston mu 1890. Anachoka ku Nicodemus njanji isanalephereke ndipo chilala chachikulu chisanafike, zimene zikuonetsa kuti mudzi waung'ono umayamba kutaya anthu ake aluso ngakhale pa nthawi imene zinthu zikuyenda bwino.

Chikondi:
Funso lomaliza kwa ine, mayi Nachisale: nyumba zisanu zimene munatchula poyamba zija ndi ziti, ndipo popeza kulibe khonsolo, amazisamalira ndani?

Mayi Nachisale:
Ndi tchalitchi cha First Baptist, tchalitchi cha African Methodist Episcopal, hotela ya St. Francis imene inalinso nyumba ya banja la Fletcher, sukulu ya nambala 1, ndi holo ya township. Holoyo inamangidwa mu 1939 ndi miyala ya laimu ya komweko, pansi pa ndondomeko ya boma lalikulu yopatsa anthu ntchito pa nthawi ya kugwa kwa chuma, ndipo amene anaimanga anali amuna a m'deralo. Nyumba zisanuzi zinasankhidwa kuti ziimire chipembedzo, malonda ndi banja, maphunziro, ndi kudzilamulira. Bungwe la boma lalikulu losamalira malo a mbiri ndi achilengedwe, lotchedwa National Park Service, ndilo limayang'anira malowa, ndipo limalandirira alendo m'holo ya township ija, koma silinatenge mudzi wonse: nyumba zambiri mwa zisanuzo zikadali m'manja mwa eni ake a m'deralo, ndipo bungwelo limagwira nawo ntchito mogwirizana pa kukonza madenga ndi makoma. Nyumba zina zonse za m'mudzimo ndi za anthu wamba amene akukhalamo, choncho mlendo amayenda m'misewu ndi kuona nyumba zakalezo, koma saloledwa kulowa m'mabwalo a anthu popanda chilolezo.